Thabwa la Che Jaffalie

Mukafika ku Lungwena n'kufunsa za Abiti Wadi, musataye nthawi kutsikira kudoko. Masiku ano amakhala kumsewu, pansi pa mtengo wa mthethe, akugulitsa tomato ndi anyezi, msana atalozetsa kunyanja. Dzina lawo la pachitupa ndi Hidaya, koma limenelo mukaliitana acheuka mochedwa. Ndi mayi wamfupi, wa mpango wakuda, wa manja okhakhala, poti zaka makumi awiri ndi zisanu anali munthu wa padoko, wogula utaka, kuuyanika pathandala n'kugulitsa kwa anthu ochokera ku Limbe. Chimene chinawachotsa kumeneko ndicho ndikufuna ndikuuzeni, ndipo ndineneretu kuti ine nkhani imeneyi imandiwawa.

Anabadwira pompo, mwana wa Che Wadi wosema mabwato. Sukulu analekezera Sitandade 4, chaka chimene mayi awo anayamba kudwala miyendo. Amuna awo, Che Jaffalie, anachokera kwa Mponda n'kudzamanga nyumba kuchikamwini, kenako analowa ulovi, kukoka ukonde wa chilimira m'boti la Che Sadik. Ana anabereka atatu koma anakula mmodzi, Naima, yemwe anatsatira mwamuna wake ku Joni. Che Jaffalie sanali munthu wa nkhani. Tiyi ankamwa wa shuga masupuni anayi, ali chete, maso kunyanja. Koma pobwera kuchilumba sankafika chimanjamanja. Paphewa pankakhala chikuni chouma, choti akazi awo asavutike kukwera phiri. Anzawo ankawaseka: "Mkamwini uyu adzatitsirizira mitengo yonse ya pa Namiyala!" Iwo ankangomwetulira n'kupitiriza ulendo wakunyumba.

Namiyala ndi kachilumba kamene mumakaona mukaima padokopo, kamiyala, kokhala ndi mlambe umodzi ndi kamchenga pang'ono kokocheza maboti. Asodzi amakagona kumeneko sabata yathunthu nyengo ya utaka. Ndipo pali lamulo: mkazi saponda pa Namiyala, akaponda nsomba zimathawa. Amene anaika lamulolo palibe akumudziwa, m'buku lililonse mulibe, koma abale inu, anthu amene swala, pemphero la m'mawa, imawapitirira ali m'tulo, lamulo ili lokha saliphonya.

Unali mwezi wa Juni. Mwera unawomba masiku anayi osapuma, nyanja ili yoyera ndi thovu, boti lililonse osabwera kumtunda. Tsiku lachisanu mphepo itagona, maboti anatulukira. Abiti Wadi anaima padoko ndi beseni lawo, maso akufunafuna munthu wa chikuni paphewa. Sanamuone. Anangoona Che Sadik akubwera chakuno, kofia ili m'manja, pambuyo pawo Che Amidu, mlovi wachikulire amene ankakhala m'boti limodzi ndi Che Jaffalie.

Anakakhala pamkeka kunyumba. Che Sadik ndiwo anayankhula, mawu ali pansipansi.

"Chemwali, limbani mtima. Anzathu m'mimba munawapotokola tsiku lachiwiri la mwera, dzuwa lisanapendeke anatisiya. Kuwoloka nawo kunali kosatheka, mphepo munaiona nokha. Ndipo Msilamu sagonekedwa masiku. Tinawasambitsa, tinawakulunga m'nsalu yoyera, tinawaswalira, n'kuwaika pansi pa mlambe uja, nkhope kuyang'ana ku Kibula, kumene timayang'ana popemphera. Zonse zinayenda mwa dongosolo."

Abiti Wadi analira mpaka mawu kutha. Koma pakati pa kulirako anagwada n'kuthokoza. Inde, anathokoza! Anati Mulungu awadalitse anthu amene sanawataye amuna awo ngati galu. Che Amidu nthawi yonseyo maso anali pa zala za kumapazi awo. Madzulo ake Che Sadik anatumiza beseni lodzaza ndi utaka wouma kuti ikhale ndiwo ya anthu obwera kudzapepesa, ndipo mudzi wonse unayamikira kuti mwini boti ameneyu ali ndi mtima wa umunthu.

Abiti Wadi anakhala eda, kubindikira kwa namfedwa m'nyumba, miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola, osatsikira kudoko. M'masiku amenewo chinthu chimodzi chinkawadya. Kumanda akazi sitipita pa tsiku loika, zimenezo ankazidziwa. Koma manda a kumudzi umawadutsa popita kumunda, umaona mitengo yake, umadziwa kuti wanga ali apo. Awo anali kutsidya kwa madzi, pamalo pamene phazi lawo silidzapondapo. Ankaopa kuti mvula ikagwa kawiri katatu, dothi lidzafafanizika, ndipo sipadzakhala wodziwa pamene Che Jaffalie anagona.

Eda itangotha, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, anakwera njinga ya kabaza mpaka ku boma la Mangochi. Anagula thabwa la mlombwa, lochindikala, n'kupita nalo kwa wolemba zikwangwani. Iwo kuwerenga kunali kovuta, choncho anaima pomwepo kuyang'anira chilembo chilichonse mpaka dzina lonse la Che Jaffalie litatuluka ndi penti yoyera. Pobwerera analifungatira pamiyendo ngati mwana.

Che Amidu ndiwo anavomera kuwatenga pa bwato lawo laling'ono. Ananyamuka m'mamawa nyanja ili phee, madzi oyera mpaka kuona mchenga pansi. Atatsala pang'ono kufika, pa mwala wina wotuluka m'madzi pamene pamatera akhungubwe a m'nyanja, Che Amidu anaimika nkhafi.

"Malire anu ndi pano, alamu."

Che Sadik anabwera okha, madzi ali m'mawondo, kudzalandira thabwalo ndi manja awiri. Analoza ndi chibwano. "Mukuona kachulu ako pansi pa mlambe? Ndi pamenepo." Abiti Wadi anatong'ola maso, dzanja pachipumi. Kachulu kanalipodi, kotuwa. Anapereka salamu kwa amuna awo mokweza, anawerenga duwa, pemphero limene ankalidziwa, kenako anayamba kuwauza za kunyumba: kuti denga la kukhitchini likudontha, kuti Naima ali ndi pathupi. Alovi amene ankasoka ukonde pamchenga analeka kuyankhula. Ena anazolika, mmodzi anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Abiti Wadi anaganiza kuti akulira.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wawo. Nyengo iliyonse, ulendo umodzi.

M'dzinja, madzi a m'mbali atafiira ndi matope a m'mitsinje, chilumba chitabiriwira ngati china, anapita ndi kambande ka mango m'kachitini. Anati amuna awo ankakonda mthunzi, mlambe umayoyola masamba. Mvula inawapeza panjira, anafika zovala zitamatirira thupi, koma kambandeko anakaphimba ndi mpango wawo. Che Sadik anakalandira, nati akadzala okha kumutu.

M'masika, atakolola mpunga wa kudambo, anapita ndi laimu m'kathumba kuti miyala yozungulira manda aipake iyere, azitha kuiona ali pamwala paja. Ulendo wotsatira miyala yoyera sanaione. Atafunsa anauzidwa kuti mvula inatsuka. Mvula mu Ogasiti! Koma munthu amene wasankha kukhulupirira mungamuchite chiyani? Anagula laimu wina.

Ndipo mwezi wa Juni uliwonse, mwera ukayamba, ankachita sadaka. Chaka chonse ankasunga mpunga wonunkhira, nkhuku ziwiri kapena zitatu, mafuta. Shehe ankabwera kudzawerenga, anthu a m'mudzi ankadya, koma mbale yaikulu, ya ziwalo zabwino, inkapita kwa alovi a Che Sadik, anthu amene anakumba manda. Ankadya ndithu, mpaka kunyambita zala, Che Sadik n'kugeya n'kunena kuti Alhamdulillah, chemwali dzanja lanu ndi lokoma. Che Amidu okha chaka chilichonse ankadwala mano tsiku limenelo.

Zaka zinayi zinatha choncho. Panapezeka amuna awiri ofuna kuwakwatira, wina wa golosale, wina mphunzitsi wa madrasa wa ku Nkhudzi. Onse anawakana. Wa ku Nkhudziyo anali munthu wabwino, koma kumeneko Namiyala saoneka. Naima anaimba foni kangapo kuti amayi bwerani kuno mudzapume, mudzaone mdzukulu wanu. Iwo ankayankha kuti, "Nanga abambo ako ndiwasiyire ndani?" Pokonzekera sadaka yachisanu anagula kambuzi kakakazi n'kumakaweta kuseri kwa nyumba, kuti chaka chimenecho achite zazikulu.

Ndiye chinafika chaka chimene nyanja inakwera. Mukukumbuka, madzi analowa m'minda, mathandala anamira, nyumba za m'mphepete zinagwa. Abiti Wadi nyumba yawo inali kumtunda, koma tulo sankaona. M'mawa uliwonse ankaima padoko kuyang'ana Namiyala, ndipo kamchenga kaja kankachepa tsiku ndi tsiku. Anapita kwa Che Sadik kukawapempha kuti alovi aunjike miyala kutsogolo kwa manda, madzi asafike.

"Zachitika kale zimenezo, chemwali," anatero Che Sadik, maso ali pa foni. "Musadere nkhawa."

Mu Meyi anakakamiza Che Amidu kuti awatenge. Mkuluyo anazengereza, mawa, mkuja, bwato likuchucha, koma mayiwo anakhala pakhomo pawo mpaka anatenga nkhafi. Atafika, mwala wa malire uja sanaupeze, unali utamira. Che Amidu anasokonezeka n'kupalasa kupitirira. Abiti Wadi anaona ndi maso awo: mulu wa miyala panalibe, ndipo mafunde ankamenya mizu ya mlambe, akukokolola kachulu kaja pang'onopang'ono.

Sanaganize n'komwe. Anangoti chubwi! m'madzi, mpaka m'chifuwa, chitenje chikuyandama.

"Alamu! Alamu, bwererani!" anakuwa Che Amidu.

Pamchenga panali alovi oposa khumi, mphika wa tiyi uli pamoto. Anaimirira onse, kukamwa yasa. Wina anakuwa kuti mkazi, mkazi pachilumba! Koma kumugwira panalibe amene anayerekeza. Abiti Wadi anadutsa pakati pawo madzi akuchucha, molunjika pa mlambe, n'kugwada pa kachulu kaja kuti atchinge mafunde ndi thupi lawo lomwe. Manja analowa m'dothi mosavuta. Silinali dothi. Linali phulusa, losakanikirana ndi makala, minga ya nsomba, ndi mabatire akutha a tochi. Anakumba ndi zala, anakumba, mpaka anagunda mwala wa pansi, wathunthu, umene khasu silinaupyozepo chilengedwere. Pamenepo panali pa dzala, potayira phulusa la ng'anjo yowambira nsomba.

Anadzuka pang'onopang'ono. Mtengo wa mango panalibe. Kachitini kake anakaona, kali pa mwala, muli nyambo. Ndipo pafupi ndi moto, pa miyala iwiri, panali thabwa lochindikala, la mlombwa, pamwamba pake kampango wotumbula theka ndi mpeni. Anachotsa nsombayo, natembenuza thabwalo. Kunsi kwake penti yoyera inali ikuonekabe apa ndi apo, pakati pa mabala a mpeni, poti mbali zonse ziwiri zinali zitagwira ntchito.

Che Sadik anatulukira m'chisakasa akupukuta m'manja. Mukuganiza anachita manyazi? Ayi ndithu. Anakalipa.

"Mwachita chiyani, mayi inu? Mwatiphera nyanja! Ana a anthu onsewa adya chiyani chaka chino?"

"Amuna anga ali kuti?"

"Chokani pano msanga!"

"Che Sadik, mpunga wanga mwadya zaka zinayi. Amuna anga ali kuti?"

Abiti Wadi anabwerera m'madzi thabwa lili pamutu, Che Amidu n'kuwakokera m'bwato.

Ali pakati pa nyanja mkuluyo anaika nkhafi pamiyendo, nayamba kunena, maso ali kumbali. Panalibe za m'mimba. Tsiku lachiwiri la mwera, cham'mawa dzuwa litakwera, Che Sadik anaumirira kuti aponye ukonde, poti utaka unali utadzaza pafupi ndi miyala. Ukonde unagwira nsomba zimene sanazionepo. Akukoka, funde linamenya boti, chingwe chinakola mwendo wa Che Jaffalie n'kuwagwetsera m'madzi. Mutu wawo unaoneka kawiri. Kuti awatsatire, pankafunika kutaya ukonde ndi nsomba zake zonse.

"Che Sadik anati, kokani kaye, amadziwa kusambira ameneyo. Ndiye tinakoka, alamu. Inenso ndinakoka. Pamene ukonde unkalowa m'boti, pamadzi panalibe kanthu. Tinafuna mpaka masana. Pobwerera kuchilumba ndi pamene anati, tikanena zoona kubwera apolisi, boti aligwira. Tinene kuti tawaika pano. Mkazi wake sangabwere kudzaona."

Abiti Wadi anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Utaka uja munabweretsa pamaliro, unali wa ukonde umenewo?"

Che Amidu anangotola nkhafi n'kuyamba kupalasa.

Tsono apa ndi pamene magazi anga amawira. Mungaganize kuti mudzi utamva unaukira Che Sadik. Ha! Theka la nyumba za padokopo zimadya kuchokera m'boti lawo. Nkhani ya Che Jaffalie anthu anainong'ona masiku awiri, ena nati zakale zimenezo, munthu sangadzukenso. Nkhani imene inakula ndi ya phazi la mkazi pa Namiyala. Ndipo tsoka ilo, mwera wa chaka chimenecho unabwera ndi utaka wochepa. Kaya ndi madzi okwerawo, kaya maboti anachuluka, palibe anafunsa. Aliyense ankadziwa amene wathawitsa nsomba. Akazi anzawo, omwe anayanika nawo limodzi zaka zonsezi, ankasuntha mabeseni iwo akafika. Mlovi aliyense anakana kuwagulitsa ngakhale kambale kamodzi. Wina anawalavulira kutsogolo, mwana amene iwo anamuonapo ali kumsana.

Akuluakulu a komiti ya padoko anakhala pansi, Che Sadik ali m'gulu lomwelo, nagamula kuti chilumba chitsukidwe ndi magazi a mbuzi, ndipo mbuziyo ichokere kwa wolakwa. Anabwera anthu awiri kudzamasula kambuzi ka kuseri kwa nyumba kaja, kali konenepa bwino, kosungidwira sadaka. Anakaphera pa Namiyala, pansi pa mlambe, n'kudya okha amuna. Mwezi wa Juni umenewo pakhomo pa Abiti Wadi sipanafuke utsi wa sadaka.

M'mawa mwake Che Amidu anafika pakhomo ndi kanthuli ka nyama kokulunga m'pepala, gawo lawo limene analephera kumeza. Anaima nako m'manja. Abiti Wadi sanakayang'ane. Analowa m'nyumba, natuluka ndi thabwa lija. Anali atalikwecha ndi mchenga masiku ambiri, koma fungo la nsomba linali lisanachoke.

"Munditengere pamene anagwera amuna anga."

Anapita. Mwera unali ukuyamba kumene, mafunde aang'onoang'ono akumenya bwato m'mbali. Atayandikira chilumba chakummwera, Che Amidu anachepetsa nkhafi, nayang'ana phiri la kumtunda, nayang'ana mlambe, napalasanso pang'ono. Anaima. Anabwerera m'mbuyo. Miyala imene ankaidziwa inali pansi pa madzi.

"Ndi pano?"

"Chapompano. Kapena chauko pang'ono."

"Che Amidu, ndi pano kapena si pano?"

Mkuluyo anatambasula dzanja, nalizungulitsa pamwamba pa madzi onsewo, kuyambira kuchilumba mpaka kumene maso amalekezera. "Mphepo inali yaikulu tsiku lija, alamu. Sindikudziwa."

Zaka zisanu mayi ameneyu ankadzuka akudziwa koyang'ana popereka salamu. Tsopano anatembenukira uku, natembenukira uko, ponseponse madzi okhaokha ofanana. Anatsegula pakamwa kuti awerenge duwa, mawu osatuluka. Pomaliza anangoweramira m'mbali mwa bwato, naika thabwalo pamadzi ndi manja awiri, dzina kuyang'ana kumwamba, n'kulikankhira pansi kuti limire.

Linabwerera pamwamba. Analikankhanso mpaka mkono wonse kulowa m'madzi, linabwereranso. Kachitatu funde linalilanda m'manja mwawo. Analiyang'ana likupita, likukwera n'kutsika, mwera ukulikankhira ku Namiyala. Silinachedwe kufika. Pamchenga mlovi wina amene ankatsuka mphika analiona, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, nalitola. Analitembenuza uku ndi uku, analikutumula madzi, n'kulipanira m'khwapa kupita nalo kumoto kumene anzake ankatumbula nsomba.